Mlonda wa Mowa wa Amonke

Tsiku langa loyamba pa bala ya hotela ku West Bay, kudziko la Aluya komwe ndinapita kukagwira ntchito, mlendo wina anaitanitsa mowa wa ku Ulaya wofululidwa mwa njira ya amonke. Nditaona masese atadikha pansi pa botolo, ndinalikhutchumula mwamphamvu monga timachitira ndi mowa wa m'mapaketi kwathu. Thovu linafika mpaka pa tayi ya mlendoyo. Bwana wa bala sanandichotse ntchito. Anandipatsa kabuku kuti ndiloweze.

Ndinaloweza ndithu. Amonkewo ankafulula kuti apeze chodyera ndi chothandizira osauka, ndipo nkhondo itawagumulira nyumba anaimanganso pamalo omwewo. Wakuda uja, wotsekemerako, ndi dubbel. Woyera koma wogwetsa munthu mosazindikira ndi tripel. Masese amasiyidwa m'botolo. Ndinkafotokozera alendo zonsezi ngati ndinabadwira komweko, chonsecho sindinalawepo ngakhale dontho, pakuti antchito sitinkaloledwa.

Korona itabwera bala inatsekedwa. Tinaunjikana anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda ku Al Mansoura, makina oziziritsa akungolira osaziziritsa. Ine ndekha ndinkatengedwa kawiri pa sabata kukayendera mabotolo mosungiramo katundu, kuti aimirire bwino komanso asatenthedwe. Kunena zoona ndinkawachitira nsanje. Iwo ankakhala pozizira, ine thupi lonse lili tiziphuphu ta thukuta. Ntchitoyo inali itandikwana.

Kenako tinamva kuti lamulo lasintha, munthu angathe kusintha ntchito popanda kalata ya chilolezo ya bwana wake. Bambo ena achikulire a ku Machinga, oyendetsa galimoto, anandiimbira foni.

"Achimwene, ku company kwathu akufuna ma-driver. License muli nayo. Kwatsala ku-apply pa foni basi. Yalla, fulumirani, malo sadikira munthu."

Ndinatumiza notisi yosiya ntchito tsiku lomwelo, mtima uli m'mwamba. Patapita masiku awiri bwana anandipeza pakati pa mabotolo anga. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinandiopsa. Ananyamula botolo limodzi n'kuliunika.

"Mowa uwu ukamakhalitsa ndi pomwe umakoma. Iwenso chimodzimodzi. Ukachoka, nkhani ya amonke adzafotokoza ndani?"

Atatero anatchula mnzathu wina amene anachoka kale, n'kunena kuti wamva zoti mapepala ake anasokonekera, analembedwa kuti ndi wothawa ntchito, mlandu womwe umabwezetsa munthu kwawo. Sananene kuti anamulemba ndani. Anangoti wamva.

Masiku atatu chakudya sichinkalowa. Ndinkadziona ndikutsika basi ku Balaka chimanjamanja, mkazi wanga ndi ana akundiyang'ana. Tsiku lachinayi ndinabweza notisi ija. Ndinadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwake kuti? Anali mantha basi.

Bambo aja ataimbanso ndinawanamiza.

"System yakana, bambo."



"Khalas, basi zatha, achimwene. Koma anzanu awiri a ku hotela kwanu komweko system yomweyo yawalola, ayamba Lachiwiri. Ine sindikukuweruzani ayi. Kungoti malowo ndinakusungirani sabata yonse."

Ndinathokoza n'kudula foni msanga. Ndinachita manyazi oopsa, mpaka lero ndimawalambalala ndikawaona patali. Pa hotelayo ndinakhalapo zaka zina zitatu, ndipo palibe amene ananditsekera chitseko kuti ndisachoke.