Tirigu wa Nikareta

M'mudzi wa Agrilia anthu ankadziwa kuti Pasaka wayandikira akaona mayi Garifalia akukwera phiri ndi ndowa ya laimu, atavala nsapato za malemu amuna awo. Pamwamba pa phirilo pali katchalitchi komangidwa ndi miyala yotola m'minda ya azitona. Kumeneko khasu likalowa pansi limagunda mwala wosema, ndipo palibe ankadabwa nazo. Wina anatsekera mwala wotero khola la mbuzi, wina anausandutsa modyera nkhumba.

M'khoma la katchalitchiko munali mwala wosemedwa chithunzi cha mayi wokhala pampando, khanda lili pafupi ndi chifuwa chake. Laimu wa mibadwo yambiri anali atautupitsa, koma aliyense ankati ndi Maria. Mayi Garifalia pobereka mwana wawo yekhayo, Froso, anataya magazi mpaka azamba anatuma munthu kukaitana wansembe. Ali chigonere analonjeza Maria wam'khomayo kuti akadzuka azidzamupaka laimu chaka ndi chaka. Anadzukadi. Froso anakula n'kukwatiwa ku Jeremani, amuna a mayi Garifalia, a Lefteris, anatsikira kulichete, mawondo anayamba kulira, koma ndowa sinajombepo.

Ndiye kunabwera ofukula zakale. Mabuku awo ankanena za mzinda wa doko, wa zombo za mafuta ndi vinyo, umene unagwa ndi chivomezi. Anaufunafuna m'mbali mwa nyanja mpaka kutopa, osadziwa kuti dothi la mtsinje linakankhira nyanjayo kutali, ndipo pamene panali doko anthu akulimapo thonje. Mmodzi wa iwo, mtsikana wotchedwa Danai, anaona chilembo pamene laimu anasupuka, nayamba kupala ndi kampeni.

"Iwe mwana, ukuwakandiranji Amayi Oyera? Ali ndi mphere?"

"Pepani amayi," anatero Danai, "awa si Maria. Mwala uwu ndi wapamanda. Mwini wake anamwalira Yesu asanabadwe n'komwe."

Laimu atachoka, kunaonekera mayi wachiwiri woimirira. Khanda lija linali m'manja mwa ameneyo, ndipo wapampandoyo ankangoliyang'ana, manja ali pamiyendo. Danai anawerenga pansi pake: Nikareta, mkazi wa Filon, kenako dzina la mzinda umene ankaufuna uja. Anati miyala yotere ankaimikira mayi wofa pobereka. Anzake anakumbatirana ndi chimwemwe, ndipo posakhalitsa lole inautengera mwalawo kumalo osungira zinthu zakale.

Mayi Garifalia zinawapweteka kwambiri. Madoda omwa khofi pabwalo sanawachitire chisoni. "Amayi, tamva kuti Maria wanu wakwera lole. Wakusiyirani adiresi?" Iwo ankangodutsa, koma mumtima funso linali limodzi: moyo wonse uja ankagwadira fano? Nanga lonjezo linapita kwa yani? Pasaka wa chaka chimenecho ndowa inagona kuseri kwa chitseko, ndipo katchalitchi kanayamba kuda.

Linafika Loweruka lokumbukira akufa, pamene banja lililonse limawiritsa tirigu, kuthiramo shuga ndi mphesa zouma, n'kupita naye kutchalitchi kuti wansembe atchule maina a abale ake. Mayi Garifalia akuvundula mphika wokumbukira a Lefteris, maganizo anawathawira kwa mayi wa manja pamiyendo uja. Kodi womaliza kumuphikira anali ndani? Anapungula tirigu wina m'mbale yachiwiri.

Wansembe wa m'mudzimo, bambo Efthimios, mayi Garifalia anamupukutapo mamina ali mwana, choncho sankamuopa kwenikweni.

"Bambo, mukatchula a Lefteris muonjezepo Nikareta."

"Nikareta wa kwa yani?"

"Wam'khoma uja."

"Amayi, ameneyo sanabatizidwe. Mukufuna abishopu andimete ndevu?"

"Akanabatizidwa ndi yani, poti Yohane anali asanabadwe? Kuchedwa kwa ena mlandu ukhale wake?"

Wansembe anaseka, kenako anazyolika. Anati sangathe, ndipo ankaoneka kuti zikumuvutadi. Mayi Garifalia sanalimbane naye. Mapemphero atatha anapita kunyumba, nanyamula mbale ija dzanja ili, ndowa dzanja linalo. Maliro n'kulirana, ngakhale utamva uthenga mochedwa.

Phiri linawatalikira tsiku limenelo. Atafika anapeza chibowo m'khoma muja, akangaude atayamba kale kumangamo. Anasesamo ndi dzanja, naikamo mbale.

"Nikareta," anatero, akupumira m'mwamba. "Mnzanga, matenda athu anali amodzi. Ine ndinadzuka, wanga ndinamuyamwitsa mpaka kumukwatitsa. Iwe wako unangomuonera m'manja mwa wina. Tsiku lija ndinkaitana Maria, koma ndikuona kuti nawe unamva, poti ululuwo unkaudziwa. Idya."

Anapukuta misozi ndi mpango wakumutu, naviika burashi mu ndowa.