Nyama Yowambira mu Balani ya Fodya

Chaka chimene mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, ankakwatiwa ku tchalitchi, ine ndinali mkamwini wa miyezi isanu ndi itatu pamudzi wina kufupi ndi Namitete. Atsibweni a mkazi wanga anapha nkhumba ndi mbuzi ziwiri kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike, nandiuza kuti ndiwambe nyamayo isaonongeke. Ndinavomera ndi mutu waukulu, poti ndinkafuna aone kuti sanalandire mlesi.

Inali nyengo yoocha fodya, ndipo balani yanga inkafuka utsi usana wonse. Ndinati ndivutikirenji kukoleza moto wina? Ndinalenga nyama, kuithira mchere, n'kuipachika pa mikangala pansi pa masamba aawisi a fodya amene ndinali nditangolowetsa. Masamba aja ankatuluka thukuta n'kumadonthera pa nyama, ine n'kumati ndi mafuta. Mapanga awiri avumbwitsa, koma tsikulo ndinkadziona wochenjera kuposa mudzi wonse.

Nyama inatuluka yofiira bwino, amayi naiphika mu miphika ikuluikulu. Ena anati ikuwawa pang'ono, koma kodi pa ukwati munthu amabweza nyama? Dzuwa lisanapendeke, gogo wina wa kuchimuna anadzuka, nazandima, n'kugwa chafufumimba. Kenaka mwana anasanza. Kenaka anthu anali mbwee kuseri kwa nkhokwe, thukuta lili kamukamu, akuti dziko likuzungulira. Ng'oma zinaleka.

"Wawamba nyamayi ndani?" anafuula bambo wina wa kuchimuna.

Maso onse anagwera ine, mlendo pamudzi. Ndinalongosola za balani, koma mawu akuti chiphe anali atayenda kale pakamwa pa anthu. Ndinadziwa kuti akangokhulupirira, ndinyamula mphasa yanga tsiku lomwelo, mkazi n'kumusiya.

Atsibweni anatapa nyama yodzaza mbale, naiika patsogolo panga.

"Akamwini, idyani tione. Yonseyi."

Ndinayamba kutafuna. Ndili pa nthuli yachitatu, mkazi wanga anabwera, nagwada pambali panga, n'kupisa dzanja m'mbalemo. Anali ndi pathupi pa miyezi itatu, ndipo pabwalo ponsepo tinkadziwa ndife awiri basi.

"Iwe, leka!" ndinatero monong'ona.

"Mukaimaliza nokha mufa," anayankha osandiyang'ana. "Idyani mbali yanuyo."

Ndikanatha kufuula n'kuulula za mimbayo, amayi akanamukoka. Sindinafuule. Ndinaopa kupitikitsidwa, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Tinasanza tonse awiri pamaso pa anthu, ngati ana odya mango osapsa. Akuluakulu ena anati mfiti sisanza, monga ankanenera kale pa mwabvi. Atsibweni analavula pansi nati, "Si mfiti uyu, n'chitsiru chabe." Sindinakondwerepo ndi kutukwanidwa ngati tsiku limenelo.

Palibe anamwalira. Alendo anapita kwawo mawa lake ali lendee, nyama yotsala tinaikwirira. Ine ndinakhalabe pamudzi.

Koma miyezi isanu ndi umodzi yotsatira ndinkangoyang'ana mimba ya mkazi wanga. Tsiku limene azamba anatuluka m'nyumba nati mwana walira, ndinafunsa kawiri ngati ali ndi zala zonse.