Masamba pa Msewu wa M'bokosi

Kampani yathu yopanga masewera inali ya anthu awiri basi: ine, mphunzitsi wokonda kujambula, ndi mnzanga amene ankakonza njinga kuseri kwa golosale ya bambo ake pa Mitundu. Ofesi yathu inali pansi pa mtengo wa mango. Zonse zinayamba titapita ku Lilongwe, komwe tinaona ana a mwini sitolo ina akuyendetsa kagalimoto pa wailesi yakanema pongodina timabatani. Tinaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Pobwerera m'basi mnzanga anangoti, "Aphunzitsi, chija tikhoza kupanga. Magetsi ake ukhala mkono wangawu."

Anakhoma bokosi la matabwa n'kuika galasi kutsogolo. M'katimo munali pepala lalitali lokulungidwa pa mipini iwiri, ndipo iye akamapukusa pedulo ya njinga, msewu wojambulidwa papepalapo unkatsetsereka kupita pansi. Wosewera ankagwira chiwongolero cha waya n'kumakhotetsa kagalimoto ka chitini kuti kasagunde kanthu. Msewuwo ndinajambula ine pa mapepala a matumba a simenti. Ndinaikapo maenje, mbuzi, ngolo ndi njinga za makala zochokera ku Dzalanyama. Nditatopa ndi mbuzi, penapake ndinajambulapo nthambi za masamba obiriwira zoti anthu azizilambalala.

Tcheni ndi pedulo zinali za njinga ya mnzangayo, ndipo anandiuza mosapsatira mawu: "Pano amatidziwa, angatiyamikire chifukwa cha manyazi. Tikayese pa Nathenje. Akakapanda kuchikonda ndiphwasula, njinga yanga iyende." Mtima wanga unali m'mwamba, poti miyezi itatu ya thukuta langa inali m'bokosimo.

Tsiku la msika tinakwera lole, tinaonetsa makhadi a chipani polowera mumsika, n'kukhazika bokosi pa benchi. Woyamba kusewera anali bambo wina wogulitsa makasu. Anazemba mbuzi ndi maenje bwinobwino, koma atangoona masamba aja anasiya chiwongolero n'kuvula chipewa.

"Chepetsani liwiro, achimwene," anauza mnzanga. "Simukuona kuti pali maliro?"

Apa m'pamene ndinazindikira zimene ndinachita. Kwathu masamba akaikidwa pamsewu ndiye kuti pamudzi pagwa zovuta. Wagalimoto amayenda pang'onopang'ono, wanjinga amatsika. Ine, mphunzitsi wathunthu, ndinali nditajambula maliro osadziwa. Ndinapsa mtima, ndipo kunena zoona ndinkadzipsera ndekha.

"Bambo, ndi nthambi chabe izi, lambalalani!" ndinatero.

"Inu a sukulu, maliro mumachita kulambalala?" anafunsa mayi wina kumbuyo. Anthu anafa nako kuseka, ine manyazi atandigwira.

Ndinanong'oneza mnzanga kuti tidule chigawo chimenecho msanga tisanachoke ndi mbiri yoipa. Iye anangoyamba kupukusa pang'onopang'ono mpaka masamba atadutsa. Bambo aja anavala chipewa chawo, nagwiranso chiwongolero, liwiro n'kubwerera. Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Wachitatu anali kondakitala wina wothamanga magazi, amene anauza mnzanga kuti asachepetse. Gulu lonse linakuwa kuti waluza, alibe mwambo, achokepo. Lamulo limene ife eni ake sitinaliganizire linakhazikika pomwepo, ndipo mzere unafika mpaka kwa ogulitsa tomato. Aliyense ankadikira pa masamba pomwepo kuti aone ngati mnzake analeredwa bwino.

Dzuwa litapendeka tinakhala m'mbali mwa msewu kudikira lole, mnzanga akusisita mkono umene unali utatupa. Ndinali wokondwa, komabe ndinkafuna kumva kuchokera pakamwa pake.

"Ndiye za njinga yanu zikhala bwanji?"

"Ndiziyenda wapansi, aphunzitsi. Inu kapezeni matumba ena a simenti."

Anayendadi wapansi zaka ziwiri zathunthu, munthu wokonza njinga za anzake.