Maliro a dzuwa lili pamutu

Fungo la fodya wouma m'mabani, nyumba zoumitsiramo fodya, likandipeza, ndimaona agogo a Mbewe, bambo a mayi anga, atakhala pachipika, maso ali ofiira ndi utsi, akukankhira nkhuni m'ng'anjo. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, n'kukalambira papulazi ina kufupi ndi Karoi, ku Zimbabwe. Ntchito yolipidwa inali yosonkha moto, koma pakomboni ponse ankawadziwa ngati wokumba manda.

Nthawi imeneyo mzungu sankalola maliro masana. Munthu akamwalira, anthu ankathyola kaye fodya mpaka kuweruka, kenako n'kukamuika mothamanga kukuda, nyimbo imodzi basi.

Zimbabwe italandira ufulu tinavina pabwalo, mbendera yatsopano ili pamtengo. Agogo sanavine. "Ufulu wa ku Malawi ndinaumvera pawailesi," anatero. "Uwu ndikufuna ndiugwire ndi manja."

Nyengo yothyola fodya itafika, anamwalira mayi Nabanda, oyandikana nafe. M'mawa mwake agogo anasiya ng'anjo, natenga khasu. Folomani anawathamangira.

"Sekuru, agogo inu, mwapenga? Moto ukazima, mzungu akuthamangitsani. Mukapita kuti, inu opanda musha, opanda mudzi wanu?"

"Ukasonkhe ndiwe, mwanawe. Uli ndi manja awiri ngati ine."

"Maliro ndi madzulo!"

"Mayiyu wagwira ntchito padzuwa moyo wake wonse. Dzuwa lomwelo limuperekeze."

Phokoso la khasu linamveka mpaka kumunda. Azimayi anayamba kutula mitolo, azibambo n'kutsatira. Mzungu anabwera pagalimoto, anaima patali, anatiyang'ana, n'kubwerera. Tinaimba nyimbo zonse mpaka mawu kusasa. Pobwerera agogo anandionetsa matuza m'manja mwawo. "Waona? Ndaugwira."

Chaka chino, nyengo yomweyo ya fodya, amuna anga anamwalira. Pulazi ija anaigawa kalekale, ndipo ife timangogwira maganyu kwa amene analandira minda. Mwini munda umene uli ndi manda athu anatuma mawu kuti malowo akufuna kulimapo, mtembo tipite nawo kwathu.

Kwathu kuti? Mchombo wanga unagwera pakomboni pano. Ku Dedza sindinapondeko.

Abambo a pakomboni sanayerekeze kukumba, poopa kutaya maganyu. Mkazi sakumba manda, ndikudziwa. Koma kutacha ndinatenga khasu, ndinakaima pafupi ndi pamene anagona agogo, n'kutema nthaka. Mwini munda anafika.

"Amai, simunamve mawu anga?"

"Ndamva, bambo. Inu ufulu unakupatsani munda. Ine unandipatsa pano. Limani konseko, apa pokha ayi."

Ndinatemanso. Asanayankhe, mlamu wanga anandilanda khasu. "Khalani pansi, alamu, mwatichititsa manyazi mokwanira." Abambo ena anabwera ndi mafosholo, ndipo mwini munda anachoka.

Amuna anga tinawaika dzuwa lili pamutu. Thuza limene linatuluka m'dzanja langa linapola, koma chipsera chilipo, ndipo adzukulu anga akandifunsa ndimawatambasulira dzanja.