Mayi wa Pakhoma la Kusikelo

Chaka chimene mlamu wanga anamwalira pobereka, mkaka wa m'chitini unasowa m'masitolo onse a ku Chongwe. Ukamveka kuti wafika, oyamba kugula anali a khadi la chipani, ndipo ife tinkafika utatha. Khanda limene anasiya tinkalimwetsa phala lamadzimadzi ndi supuni. Linkachepa tikuliona.

Ine ndinali ndi wanga wa kubere, mkaka wochita kunyowetsa bulauzi. Koma apongozi anakaniza. Anati mwana akayamwa bere la mwana mnzake, onse awiri amatsegula m'mimba.

Kusikelo ku mishoni ndinkapita nawo awiriwo. Popeza sindinkatha kuyang'ana asisitere m'maso, ndinkayang'ana khoma, ndipo pakhomapo panali chithunzi chakale chojambula ndi inki yofiirira. Mzimayi wonenepa bwino atakhala pansi, mwana mmodzi kubere, wina akukwera paphewa, wachitatu akukoka nsalu. Analibe mbereko. Bere lili pamtunda, amuna akudutsa pansi pa chithunzicho ndi makadi a ana. Nkhope yake inali ya munthu amene akuganiza za nkhuni. Wojambulayo anamudziwa ndithu mwana woyamwa, chifukwa kadzanja kanali katagwira bere linalo kuti wina asalande.

Tsiku lina poyeza wamasiyeyo, singano ya sikelo inabwerera m'mbuyo. Asisitere analemba pakhadi. Ine pakamwa panatseguka pokha.

“Ba Sisita, amai a pakhomawo ana anawabala motsatizana tere?”

“Si ake,” anatero. “Ndipo si munthu weniweni. Anajambula chifundo, kuti anthu aone mmene chimaonekera.”

“Nanga sanatsegule m'mimba?”

Anakonza magalasi n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

“Papita zaka mazana, sinamvepo.”

Pobwerera ndinakhala pansi kuseri kwa chigayo, n'kuika wamasiyeyo kubere la kumanzere. Poyamba sanadziwe chochita. Kenako anadziwa, mpaka ndinaluma mlomo. Wanga anamuponda kumutu.

Kunyumba sindinanene. Apongozi anaona okha kuti phala likutsala m'kapu ndipo matewera achuluka pachingwe. Anandipeza m'mawa wina ndili nawo onse awiri, wina uku wina uku. Anaima pakhomo, manja kumbuyo.

“Wayamba liti?”

“Pa tsiku la sikelo, amai.”

“Atsegula?”

“Iyai.”

Anachoka. Masana anabwera ndi mbale ya nsawawa zokazinga, n'kuiika pafupi ndi mwendo wanga.

“Uzidya. Nizaona ngati uzakwanitsa.”