Ananditulutsa m'Gulu la Maliro Ndili Moyo

Mboni zanga ndi ziwiri: alamu anga ometa anthu pakhonde ku Berea, ndi mayi wina wa ku Machinga wogulitsa zitumbuwa pageti la fakitale yathu ku Doornfontein. Yachitatu inali foni, koma inabedwa mu tekisi. Mukawafunse ngati ndawonjezerapo ngakhale kadontho.

Ife a ku Ntcheu okhala ku Joni tili ndi gulu la maliro pa foni. Ntchito yake ndi imodzi: ukafa, amakunyamula n'kukudutsitsa malire atatu mpaka kumudzi. Wopanda gulu amaikidwa konkuno ndi anthu osamudziwa. Chaka chimenecho ndinkadwala chifuwa chachikulu. Ndikatsokomola ku Berea, agalu a ku Troyeville ankayankha, ndikulumbira. Ndiye kwa ine gululo silinali la macheza ayi.

Tsiku lina wina anaponyamo vidiyo. Dziko lina lakutali, loti palibe mwa ife akanaliloza pamapu, linkazenga mlandu amuna angapo, ati anaopseza chitetezo cha dziko. Khoti lotseka zitseko, umboni wachinsinsi, oweruza osankhidwa ndi boma lomwelo. Pa intaneti anthu anali atang'ambirana kale malaya pankhaniyi, nafenso tinalowamo. Mauthenga ankagwa mpaka foni kutentha, moti alamu anawiritsirapo dzira.

A tcheyamani athu, bambo wamkulu amene anagwirapo ntchito m'migodi, analemba kuti: "Anthuwa avomera okha pa TV. Mukufunanso chiyani?"

Ine nditagona pamatilesi, wopanda chochita, ndinayankha: "Abambo, munthu mukamufinya pakhosi amavomera ngakhale kuti ndiye anaba mvula ya chaka chatha. Taonani maso awo, akuwerengatu pepala."

Sipanathe mphindi, panatuluka kamzere koti ndachotsedwa m'gulu.

Ndinawaimbira a tcheyamani.

"N'chitetezo cha gulu, achimwene," anatero. "Ambiri muno mapepala anatha kalekale. Apolisi akamva tikunyoza maboma, atitola tonse ngati ngumbi. Wina wadandaula."

"Ndani?"

"Sitinganene."

"Wati chiyani?"

"Zimenezonso n'za komiti."

Mlandu wanga unazengedwa Lamlungu, mu holo ina ku Troyeville, mapemphero atatha. Ine anandisiya panja, ati chifukwa cha chifuwa. Alamu, amene ndinawatenga kuti akandilankhulire, anawabweza pakhomo chifukwa ndi a ku Thyolo. Tinakhala pasitepe dzuwa mpaka kupendeka, tikungomva mipando ikukhwekhwerezeka mkati.

"Mlamu, osadandaula," anatero alamu. "Mukafa ndidzakumetani bwinobwino, ulere."

Ndinaseka, kuseka kuja kunasanduka chifuwa, ndipo m'kansalu munali magazi. Ndinakapinda msanga. Ndinaganiza za ana anga awiri kumudzi, atakula, akusowa poloza kuti atate agona apa. Amuna a pa TV aja ndinawaiwala onse. Ndinkangofuna malo anga mu thirela yonyamula maliro kupita kumudzi.

A tcheyamani anatuluka ndi pepala long'amba m'kope.

"Komiti yakumverani chisoni. Muwerenge izi, tijambule mawu, tiponye m'gulu."

Papepalapo panali mizere itatu iyi: Ndinalankhula mopanda nzeru. Mlandu wa anthu aja ukuyenda mwachilungamo. Palibe wandikakamiza.

"Nanga ndikakana, abambo?"

"Eish. Ndiye mudzagona ku Joni konkuno mpaka lipenga lidzalire."

Alamu anayang'ana kumbali, ngati aona munthu wofuna kumetedwa tsidya la msewu.

Ndinawerenga. Koyamba chifuwa chinandidula pamzere wachiwiri.

"Bwerezani," anatero a tcheyamani. "Zikumveka ngati tikukuzunzani."

Kachiwiri mawu ananjenjemera, ati ndiwonjezere chimwemwe. Kachitatu ndinawerenga mosalala, mwakuti ngakhale ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Tisanafike pokwerera tekisi, foni inalira m'thumba: ndalowetsedwanso. Pansi pake anthu anaponya timanja toombera. Wina analemba kuti: "Mwaona? Wavomera yekha."

Mmawa wake pageti, mayi wa zitumbuwa uja anandikodola. Mawu anga anali atafika kale mpaka m'gulu la kwawo.

"Ndakumvani, achimwene," anatero, akundikulungira ziwiri m'nyuzipepala. "Mumawerengatu pepala inu."

"Ndimawerenga, amayi."

"Nanga akakufikitsani kwanu?"

"Akandifikitsa."

Anawonjezeramo chachitatu.