Dzino Limodzi Linanditseka Pakamwa

Zinayamba ndi dzino la m'munsi chakumanja, mu Meyi chaka chatha, tili mkati mosankha fodya kwathu kufupi ndi Manyamula. Linkaluma ndikamwa madzi ozizira. Ndinkangogula panado pagolosale n'kubwerera m'chigafa.

Patapita milungu ingapo, tsaya linatupa. Kutupako kunatsikira pansi pa chibwano, thupi linatentha, ndipo m'mawa wina ndinalephera kuyasamula. Ngakhale chala sichinkalowa pakati pa mano. Malovu ndinkalavulira m'chitini chifukwa kumeza kunkapweteka. Mkazi wanga NyaTembo sanandifunsenso maganizo. Anaitana wa njinga yamoto, ndipo tinafika kuchipatala ku Boma ndili lobodo.

Adokotala anati mafinya ochokera m'dzinolo anafalikira m'khosi, ndipo ndikanachedwa pang'ono akanatseka njira ya mpweya. Anandiboola pansi pa chibwano, kutulutsa mafinyawo, n'kuzula dzinolo. Kuchokera apo masiku anangofanana. Dripi, jakisoni, kutsuka chilonda, kudikira adokotala, kenako kuyang'ana kudenga mpaka kude.

Chimene chinanditopetsa kwambiri ndi chakudya. Sukulu sindinapite nayo patali, koma m'wodi muja ndinaphunzira mawu achingerezi amene sindinawafune. Loyamba linali liquid, kutanthauza zamadzimadzi zokhazokha, zokoka ndi kapaipi pakati pa mano. Kenako adokotala anatchula puree. NyaTembo, yemwe ankagona ndi kuphika kumalo a odikirira odwala, anangogwedeza mutu. Masana anabwera ndi mbatata yophika, yofewa bwinobwino. Nesi wina wachikulire anasuzumira m'mbalemo.

"Amama, njofewa ndithu, koma ikufunabe kutafuna. Puree ndiye kuti muisinje, muthire mkaka, muisefe. Pasatsale kambulu ngakhale kamodzi. Akatsamwa, pakamwa pawo sitingalowetsepo chala."

"Ngati ya khanda?" anafunsa NyaTembo.

"Ngati ya khanda."

"Yewo chomene," anathokoza NyaTembo m'Chitumbuka, n'kunyamula mbale ija kubwerera kumoto. Ndinaona kuti mapazi ake atupa.

Ndinamwa maungu osefa, mapeyala osefa, nyemba zosefa. Zonse zinkamveka chimodzimodzi m'kamwa, zoterera, zopanda pogwira dzino. Ine bambo wa ana anayi, kumwetsedwa ndi kasipuni. Tsiku lina wodwala wa bedi loyandikana nane ankakukuta chimanga chootcha. Ndinatembenukira kukhoma, misozi n'kungotsika yokha. Sabata yomweyo mlamu wanga anabwera kudzatiuza kuti fodya wina wachita nkhungu m'chigafa. Ndinamva, koma mphamvu yodandaulira ndinalibe.

Pakamwa panayamba kutseguka pang'onopang'ono. Ankandipatsa timatabwa topyapyala kuti ndizitisanja pakati pa mano, lero tiwiri, mawa kuwonjezera kena, thukuta lili kamukamu. Mu Juni adokotala anati tsopano mashed. NyaTembo sanagwedeze mutu ulendo uno. Anafunsa mpaka anamvetsa kuti ndi zophwanya ndi sipuni, timibulu tating'ono tikhoza kutsala. Nthochi yoyamba yophwanya ndinaidya nthawi yaitali, ndikufufuza timibuluto ndi lilime. Tsiku lotuluka anatchula soft: mpunga wolobodoka, dzira, nsomba yochotsa minga. Limeneli lokha ndinalimva osafunsa munthu.

Lero ndili bwinoko. Pakamwa pamatseguka zala ziwiri ndi theka. Nyama ndimadya yodula ting'onoting'ono, ndipo pansi pa chibwano pali chipsera chomwe chimanyerenyesa kukazizira. Kumunda ndimatopa msanga.

Anzanga, kutupa kwa pankhope kapena pakhosi si kodikira nako kuti ntchito ithe. Mukaona tsaya likukula, thupi likutentha, nyamukani tsiku lomwelo. Ndikanatero, akanandithandiza m'mawa umodzi n'kubwerera kunyumba. Ine zinanditengera nyengo yonse, ndipo NyaTembo mpaka pano amadzuka atagwira msana, chifukwa cha simenti imene anagonapo pondidikirira.